CHIMFINE CHOSATHA SI CHIMFINE

Nyengo ya chiperoni ikafika m'mapiri a Thyolo, kuyambira mwezi wa Meyi mpaka Ogasiti, nkhungu imakuta minda ya tiyi ndipo chimfine chimalowa pafupifupi m'nyumba iliyonse. Ku Thekerani, ku Makwasa ndi m'midzi yoyang'ana ku mtsinje wa Ruo, palibe amene amadabwa akamva mnzake ali kuyetsemula kapena kulankhulira m'mphuno. Pakapita sabata imodzi kapena ziwiri chimfine chija chimatha chokha, anthu n'kuiwala.

Koma alipo ena amene chimfine chawo sichiona nyengo. Chiperoni chimatha, dzuwa la Okutobala n'kuswa mtengo, mvula n'kugwa, tiyi n'kuphukira, iwo mphuno zili chitsekere. Munthu wotere amapumira kukamwa usana ndi usiku, amaliza mkonono, ndipo m'mawa amadzuka kukhosi kuli gwa, thupi lili lefu ngati sadagone. Ndiwo zikamapserera pamoto iye samva fungo; amene ali panja ndiwo amathamanga kudzaphula. Akafunsidwa amangoyankha kuti, "N'chimfine changa chakale."

Mawu amenewa ndiwo asocheretsa anthu ambiri. Chimfine sichikhala miyezi itatu. Mphuno imene yakhala yotseka kwa masabata 12 kapena kupitirira apo, makamaka ngati mwini wake waleka kumva fungo, iyenera kuunikidwa m'kati ndi wachipatala, pakuti chimodzi mwa zinthu zimene zimatseka mphuno motere ndi tinyama tomera m'mphuno, timene madokotala amatitcha ma polyps.

KODI TINYAMA TIMENETI N'CHIYANI?

M'kati mwa mphuno muli kakhungu kofewa ndi konyowa, kamene kamapanga mamina ogwira fumbi ndi tizilombo kuti zisafike m'mapapo. Kakhungu komweko kadayalanso m'timphako ta mpweya timene tili m'mafupa a nkhope: m'masaya, pamphumi ndi pakati pa maso. Timphako timeneti ndito anthu amati masayinasi, ndipo timatsanulira mamina ake m'mphuno kudzera m'timabowo tating'onoting'ono.

Kakhungu kaja kakakhala kotupa kwa nthawi yaitali kamamwa madzi, kamalemera, kenaka n'kuyamba kulendewera ngati timatumba. Timatumba timeneti ndito tinyama tija. Maonekedwe ake ndi otuwa ndi onyezimira ngati mphesa yosenda, n'tofewa, ndipo satipweteka ngakhale tikhudzidwe. Kawirikawiri timamera mbali zonse ziwiri za mphuno. Tikakula timatseka njira ya mpweya, timatseka timabowo ta masayinasi kotero kuti mamina amadikha ndi kutsikira kukhosi, ndiponso timalepheretsa mpweya kufika kudenga kwa mphuno kumene kuli mitsempha yomvera fungo. N'chifukwa chake wodwala amaleka kununkhiza, ndipo chakudya chimamuzizirira m'kamwa.

Matendawa si achilendo. Madokotala amayerekeza kuti mwa anthu 100 alionse, mmodzi mpaka anayi ali ndi tinyama totere. Amapezeka kwambiri mwa akuluakulu, makamaka a zaka za m'ma 40 kupita m'tsogolo, ndipo amuna amachuluka kuposa akazi. Ngakhale Hippocrates, sing'anga wa ku Greece amene adakhala ndi moyo zaka zoposa 2,300 zapitazo, adalemba za matendawa, ndipo ankachotsa tinyamati pokoka kasiponji komangirira ku chingwe kudzera m'mphuno.

Mfundo zitatu ziyenera kumveka bwino. Poyamba, tinyama tenitenito si khansa. Kachiwiri, sitipatsirana, munthu angathe kudyera mbale imodzi ndi wodwala kapena kugona naye m'nyumba imodzi popanda chodetsa nkhawa. Kachitatu, si zamatsenga. Palibe mbale kapena mnansi amene ayenera kulozedwa chala chifukwa chakuti mphuno ya wina yatseka.

CHIMENE CHIMAYENDA NAWO MATENDAWA

Gwero la tinyamati ndi kutupa kosatha kwa kakhungu kaja, pamene chitetezo cha m'thupi chimangolimbana kosalekeza m'mphuno ngakhale palibe mdani woopsa. Kutupa kwa mtundu womwewo kukakhala m'mapapo ndiko kumabweretsa chifuwa cha mphumu. Motero anthu ambiri a tinyama ta m'mphuno amakhalanso ndi mphumu, ndipo mphuno ikaipa chifuwa nacho chimavuta.

Pakati pa anthu amenewa pali gulu lina limene thupi lawo limadana ndi Aspirin ndi mankhwala ena a mtundu wake monga Brufen, Indocid ndi Diclofenac. Dokotala wa ku France, Fernand Widal, adalemba za zimenezi m'chaka cha 1922, ndipo Max Samter ndi Ray Beers a ku America adazifotokoza mwatsatanetsatane m'chaka cha 1968. Munthu wotere akamwa Aspirin, mphuno imatsekeratu, maso amatuluka misozi, ndipo chifuwa chimabanika mwina pasanathe ola limodzi. Kubanika kumeneku kungathe kupha. Si onse odwala tinyamati amene ali m'gululi, koma aliyense amene adabanikapo atamwa mankhwala a mutu ayenera kuuza wachipatala, ndi kupempha kuti zilembedwe m'kabuku kake ka kuchipatala.

Utsi wa nkhuni m'khitchini yopanda mawindo, utsi wa ndudu, fodya wofwenkha, fumbi la m'fakitale ya tiyi, la kuchigayo ndi la mumsewu, zonsezi zimanyanyula mphuno imene ili yotupa kale. Si aliyense wogwira ntchito m'fumbi amene adzamera tinyama, koma amene ali nato sapeza bwino msanga ngati mphuno yake ikumwa utsi tsiku ndi tsiku.

NJIRA ZITATU ZOSOCHERETSA

Njira yoyamba ndi ya kugolosale. Wodwala akamva mutu kulemera amagula mankhwala a mutu, ndipo akaona mamina achikasu amagula makapisozi kwa ogulitsa pamsika. Makapisozi amapha tizilombo tina, koma satha kuphwetsa tinyama. Ndalama zimatha, tizilombo m'thupi timazolowera mankhwala, mphuno ili chitsekere. Ndipo ngati wodwalayo ali m'gulu lodana ndi Aspirin, phukusi la ndalama zochepalo lingamugoneke m'chipatala.

Njira yachiwiri ndi ya mankhwala odontheza m'mphuno otsegula msanga, monga xylometazoline. Amathandizadi pa chimfine cha masiku ochepa, koma sayenera kugwiritsidwa ntchito kupitirira sabata imodzi. Munthu akawapitiriza, mphuno imayamba kutupa chifukwa cha mankhwala omwewo, ndipo amakhala kapolo wa kabotolo.

Njira yachitatu ndiyo yoopsa koposa: kupita kwa munthu wosaphunzira za chipatala kuti akadule, akapale kapena akathire zitsamba zowotcha m'mphuno. Aliyense akaunika mphuno ya mnzake ndi tochi amaona kanyama kofiirira m'mbali. Kanyama kameneka munthu aliyense adabadwa nako. Ntchito yake ndi kufunditsa ndi kunyowetsa mpweya. Kali ndi magazi ambiri ndipo kamapweteka kakakhudzidwa. Wosadziwa angadule kameneka poyesa kuti ndiyo nthenda, magazi n'kukana kuleka, chipatala chili kutali. Kuwonjezera apo, lumo kapena waya wosaphitsa angathe kupatsira kafumbata, matenda a chiwindi ndi kachilombo ka HIV. Denga la mphuno ndi fupa lopyapyala kwambiri, ndipo pamwamba pake pali ubongo. M'mbali mwake muli maso. Amenewa si malo oyeserapo dzanja. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

CHITHANDIZO CHENICHENI

Nkhani yokondweretsa ndi yakuti odwala ambiri safuna opaleshoni. Chithandizo chimayambira pafupi, pa chipatala cha Thekerani kapena china chilichonse chaching'ono, pamene wachipatala amafunsa mbiri ya matenda, kuunika m'mphuno ndi kumvetsera m'chifuwa.

Choyamba ndi kutsuka mphuno ndi madzi a mchere. Madzi okwana theka la lita aphitsidwe mpaka kuwira, kenaka azizire mpaka akhale ofunda pang'ono. M'madzimo musungunulidwe supuni yaing'ono imodzi ya mchere, yosasefukira, ndi ina ya soda wa m'sitolo wophikira therere. Chidulo sichiyenera kulowa m'malo mwa soda ameneyu. Wodwala asambe m'manja ndi sopo, atape madzi pang'ono pachikhato, awerame, awakokere m'mphuno imodzi ndi kuwalola kuti atuluke, kenaka achite chimodzimodzi mbali inayo. Achite zimenezi m'mawa ndi madzulo, ndipo madzi akhale atsopano tsiku lililonse. Madzi a pachitsime kapena a kumtsinje osaphitsa asalowe m'mphuno. Kutsuka kumeneku sikuchotsa tinyama, koma kumachotsa mamina olimba ndi fumbi kuti mankhwala afike pamene ayenera kufika.

Chachiwiri ndi mankhwala opopera m'mphuno ochepetsa kutupa, monga beclomethasone, fluticasone kapena mometasone. Amenewa ndiwo msana wa chithandizo chonse. Amaphwetsa tinyama pang'onopang'ono, motero wodwala asayembekezere kusintha pa tsiku limodzi. Pamatenga masabata angapo, ndipo ambiri amafunika kupitiriza kwa miyezi. Apa ndi pamene anthu ambiri amagwera. Akapopera masiku atatu osaona kusintha amataya botolo nati mankhwalawo ndi achabe. Ena akangopeza bwino amaleka, tinyama n'kuyambanso kukula.

Kapoperedwe nako n'kofunika. Wodwala ayambe wamina kapena kutsuka mphuno, akhutchumule botolo, aweramitse mutu pang'ono, ndipo apopere mphuno ya kumanzere ndi dzanja lamanja, ya kumanja ndi dzanja lamanzere, kukamwa kwa botolo kutaloza chakukhutu, osati ku khoma lapakati la mphuno. Asakokere mpweya mwamphamvu, kuopa kuti mankhwala angathere kukhosi. Kupopera ku khoma lapakati ndiko kumabweretsa kamfuno.

Chachitatu, ngati tinyama takula kwambiri, dokotala angapereke mapilitsi a prednisolone kwa masiku owerengeka. Mapilitsi amenewa amaphwetsa tinyama msanga ndipo nthawi zambiri fungo limabwerera, koma ndi mpeni wakuthwa konsekonse. Akamwedwa kawirikawiri amakweza shuga ndi kuthamanga kwa magazi, amafewetsa mafupa, amautsa zilonda za m'mimba ndi kufooketsa chitetezo cha thupi, kotero kuti chifuwa chachikulu chimapeza mpata. Munthu asadzigulire yekha, ndipo asagawireko mnzake. Amene ali ndi matenda a shuga, amayi oyembekezera ndi amene amamwa ma ARV ayenera kunena poyera. Ma ARV ena, amene ali ndi ritonavir, sagwirizana ndi fluticasone, ndipo wachipatala akadziwa amasankha mankhwala opopera ena. Ma ARV okha asalekedwe ngakhale tsiku limodzi.

M'maiko olemera muli jakisoni watsopano wa odwala amene mankhwala ena onse alephera. Mmodzi mwa iwo, dupilumab, adaloledwa ku America pa matenda amenewa m'chaka cha 2019, koma mtengo wake ndi wokwera zedi. Wodwala wa kumudzi asadandaule nazo, pakuti ngakhale m'maiko amenewo chithandizo chimayambira pa madzi a mchere ndi mankhwala opopera omwewa.

NANGA OPALESHONI?

Mankhwala akaperekedwa moyenera kwa miyezi ingapo koma mphuno osatseguka, dokotala wa makutu, mphuno ndi kukhosi angaganize zochotsa tinyamato. Ambiri amachita mantha poganiza kuti adzang'ambidwa nkhope. Sizitero. Zipangizo zimalowera m'mabowo a mphuno momwemo, wodwala atapatsidwa mankhwala ogonetsa kapena ochititsa dzanzi, ndipo sipatsala chipsera kunja. Njira younika ndi kachitsulo kokhala ndi nyali kunsonga idakonzedwa ndi Walter Messerklinger ndi Heinz Stammberger ku Graz m'dziko la Austria, ndipo idafalikira m'maiko ambiri m'zaka za m'ma 1980.

Koma choonadi chiyenera kunenedwa: opaleshoni imachotsa tinyama, siichotsa kutupa kumene kudabala tinyamato. Zili ngati kusadza udzu m'mphepete mwa msewu. Mizu ikatsala, mvula ikagwa umaphukanso. Mwa odwala ambiri, makamaka a mphumu ndi odana ndi Aspirin, tinyama timameranso. Motero wochitidwa opaleshoni apitirize kutsuka mphuno, kupopera mankhwala ndi kubwerera kuchipatala pa tsiku limene adauzidwa.

ZIZINDIKIRO ZOSAFUNA KUDIKIRA

Si chotupa chilichonse cha m'mphuno chimene chili kanyama wamba. Munthu apite kuchipatala msanga, osadikira miyezi itatu ija, ngati mphuno yatseka mbali imodzi yokha. Ngati mamina ali ndi magazi kapena kamfuno kakubwerezabwereza. Ngati tsaya latupa kapena lachita dzanzi. Ngati mano akugwedera popanda chifukwa. Kapena ngati pakhosi patuluka chotupa cholimba. Zotere nthawi zina zimakhala khansa, ndipo khansa yopezeka msanga ndiyo imachizika. Ngati diso latupa kapena latong'oka, ngati munthu akuona zinthu ziwiriziwiri, kapena ngati mutu ukupweteka kwambiri pamodzi ndi kutentha thupi ndi kuuma khosi, apite tsiku lomwelo, ngakhale usiku.

Makolo adziwe kuti tinyamati sitipezekapezeka mwa ana aang'ono. Mwana akamatuluka mamina onunkha mbali imodzi, kawirikawiri amakhala kuti adalowetsa nyemba, chimanga kapena mkanda m'mphuno. Achipatala ndiwo achotse. Mnyamata wa zaka za m'ma 10 amene mphuno yatseka mbali imodzi ndipo amakha kamfuno kwambiri angakhale ndi chotupa chodzaza ndi mitsempha ya magazi, chimene sichiyenera kukhudzidwa konse kumudzi. Ndipo mwana amene nsagwada kapena tsaya likutupa mofulumira atengeredwe kuchipatala mosazengereza, pakuti ingakhale khansa ija imene Denis Burkitt adaifotokoza ku Uganda m'chaka cha 1958, imene imapezekanso m'Malawi ndipo imamva mankhwala ikafulumiridwa.

KALATA YOGONA M'THUMBA

Chipatala chaching'ono chikaona kuti matenda achipitirira, chimalemba kalata yotumiza wodwala ku chipatala cha boma ku Thyolo, ndipo ena amapitirira mpaka ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, kumene kuli nthambi ya makutu, mphuno ndi kukhosi. Nthambi imeneyi idalimba pamene Dokotala Wakisa Mulwafu adabwerako ku maphunziro ku Cape Town m'chaka cha 2007, ndipo kwa zaka zingapo iye adali katswiri yekhayo wa ntchitoyi m'dziko lonse. Kuchokera pamenepo aphunzitsidwa akilinikolo apadera a ntchito yomweyi ndi kutumizidwa m'zipatala zina.

Komatu kalata siichiza ikagona m'thumba. Kafukufuku amene adachitika m'boma la Thyolo lomweli, wofalitsidwa m'chaka cha 2017, adapeza kuti mwa ana 150 a matenda a makutu amene adatumizidwa ku Queen Elizabeth, 5 okha ndiwo adafikako. Makolo adatchula kutalika kwa ulendo, kusowa ndalama zoyendera, mantha ndi chipatala chachikulu, ndi kusamvetsa bwino chimene adauzidwa. Ana aja adali a makutu, koma khomo limene adalephera kufikapo ndi lomwelo limene wodwala mphuno amatumizidwako.

Zifukwa zimenezi n'zomveka. Wothyola tiyi amene malipiro ake amadalira kulemera kwa dengu, akajomba masiku awiri banja limamva. Mlimi wa ku Thekerani akawerenga ndalama ya njinga yamoto, ya minibasi ndi ya chakudya cha womuperekeza, amafunsa kuti, "Kodi mphuno idaphapo ndani?" Funsoli liyenera kuyankhidwa mwaulemu. N'zoona kuti tinyama wamba sitipha. Koma ndalama imene imathera m'makapisozi ndi m'madontho kwa zaka zitatu ingathe kuposa ya ulendo umodzi. Munthu wosagona bwino sakhala ndi mphamvu m'munda. Munthu wosamva fungo sazindikira nsomba yovunda, utsi wa denga limene layamba kuyaka, kapena mankhwala a mbewu amene atayikira m'nyumba. Ndipo wachipatala salemba kalata kwa aliyense; amalembera amene mankhwala awakanika kapena amene chotupa chawo chamukayikitsa. Mwa amenewa ndimo muli ochepa aja amene kuchedwa kungawatayitse diso kapena moyo.

UDINDO NDI WA ONSE

Mlandu wonse usagwere wodwala yekha. Kumuuza kuti apopere mankhwala kwa miyezi itatu n'kopanda phindu ngati mankhwalawo sapezeka pafupi. Mpofunika kuti oyang'anira zaumoyo aonetsetse kuti mankhwala opopera m'mphuno akufika m'zipatala za kumidzi, ndi kuti akilinikolo a makutu, mphuno ndi kukhosi aziyendera madera akutali monga Thekerani pa masiku odziwika, olengezedwa m'matchalitchi, m'mizikiti ndi pamisika. Wolemba kalata apatule mphindi zofotokozera wodwala tsiku loyenera kupita, khomo lokafikira ndi chimene akachitidwe, pakuti mantha ambiri amabadwa m'kusadziwa.

Alangizi a zaumoyo poyendera midzi angathe kufunsa mafunso awiri okha: mphuno yatseka kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo fungo likumveka kodi? Olemba ntchito m'minda ndi m'mafakitale a tiyi apereke zotchinga kumphuno kwa ogwira ntchito m'fumbi, ndi kulola wonyamula kalata ya chipatala kupita popanda kuopa kuti ntchito imuthera. Mafumu ndi akuluakulu a mipingo alimbikitse mabanja kusonkherana ya ulendo wa wodwala monga amachitira pa zovuta zina, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Ndipo m'nyumba iliyonse mmene muli munthu wa "chimfine chakale", abale awerenge miyezi. Ikakwana itatu, amuperekeze kuchipatala ndi kabuku kake, pamodzi ndi mabotolo ndi mapepala a mankhwala onse amene wakhala akumwa. Chiperoni cha chaka chamawa chisamupeze akupumirabe kukamwa.